Mkonzi alowerere nkhani yovuta isanalembedwe

Akonzi,

Ndiloleni malo m'nyuzipepala yanu kuti ndinenepo maganizo anga pa momwe nkhani zovuta kumvetsa zimalembedwera. Apa ndikunena nkhani monga za bajeti ya boma, ngongole za dziko, zigamulo za makhothi, kafukufuku wa zaumoyo, kusintha kwa nyengo ndi malamulo atsopano. Nkhani za ngozi ya pamsewu, za mpira kapena za umbava atolankhani ambiri amazilemba bwino, chifukwa chochitikacho chimakhala ndi poyambira ndi pothera, ndipo amene adachiona ndi maso amapezeka. Koma nkhani ikakhala ya zinthu zosaoneka ndi maso, zoyenda pang'onopang'ono kwa zaka zambiri komanso zodzala ndi manambala, kawirikawiri wowerenga amafika kumapeto akudziwa amene wayankhula, udindo wake ndi malo amene wayankhulira, koma osadziwa chimene chachitika kapena chimene chisinthe pa moyo wake. Ine ndikuona kuti vuto limeneli silichokera m'kalembedwe ka ziganizo ayi. Nkhani yotere imawonongeka isanalembedwe, pamene mtolankhani akhala pa kompyuta asanamvetse yekha chimene akufuna kuuza anthu, mkonzi n'kudzaiona itatha kale, nthawi yosindikiza itayandikira.

Taganizirani momwe tsiku la mtolankhani limayendera. M'mawa watumidwa ku msonkhano wa atolankhani kumene bungwe lina likutulutsa lipoti la masamba 80. Lipotilo walilandira polowa, ndipo pamene akuluakulu akuyankhula iye ali kalikiliki kulemba mawu awo, osapeza mpata wolitsegula. Mafunso aloledwa atatu okha. Masana akubwerera ku ofesi ali ndi zinthu ziwiri zimene angazigwiritse ntchito msanga, chikalata cha tsamba limodzi chimene bungwelo lidakonzeratu ndi mawu amene wajambula pa foni, kwinaku nkhani ina ikumudikira kuti ailembenso dzuwa lisanalowe. Munthu wotere sangachitire mwina koma kutsamira pa chikalatacho, chimene chidalembedwa ndi munthu wolipidwa kuti bungwe lake lioneke bwino. Zimene zili pakati pa lipotilo, pamene olilemba avomereza kuti ndalama zina sizidafike kumene zimayenera kupita, kapena kuti kafukufukuyo adafunsa anthu ochepa, sizilowa m'nyuzipepala tsiku limenelo, ndipo mawa lake nkhaniyo imaonedwa kuti ndi yakale.

Zizindikiro za nkhani yolembedwa motere sizibisika. Mawu a akatswiri amalowa m'nkhani momwe adatulukira pakamwa pa eni ake, popanda wowamasula, ndipo ndime iliyonse imatha ndi "watero mkuluyu" kapena kuyamba ndi "iye adapitiriza kunena kuti". Sindikunena kuti kugwira mawu a munthu n'kulakwa, koma ndime zisanu ndi imodzi zotsatizana zikakhala zonse mawu a anthu ena, ndimakayikira kuti wolembayo wabisala kumbuyo kwa mawuwo chifukwa sakanatha kufotokoza nkhaniyo ndi mawu akeake. Kuteroko kumamuteteza, pakuti palibe angamudzudzule kuti wanama, koma ntchito yomvetsa imene adayenera kuigwira iye waisiyira wowerenga, amene alibe lipotilo, sadali ku msonkhanoko, ndipo alibe katswiri woti amuimbire foni.

Chimene ndikupempha choyamba sichifuna ndalama, chimangofuna kusintha dongosolo la ntchito. Mtolankhani asanalembe chiganizo ngakhale chimodzi cha nkhani yovuta, akhale pansi ndi mkonzi kwa mphindi khumi, kope lili chotseka. Mkonziyo afunse kuti, "Tandiuzani m'ziganizo ziwiri, chachitika n'chiyani?" Mtolankhani akayamba ndi kuti nduna yatsindika kufunika kogwirira ntchito limodzi, mkonzi amudule n'kubwerezanso funsolo, chifukwa kutsindika si chochitika. Akayankha kuti boma likufuna kubwereka ndalama zina ndipo gawo lalikulu la ndalamazo lidzapita kobweza ngongole yakale, pamenepo nkhani yayamba kuoneka, ndipo mafunso otsatira amabwera okha: chatsopano n'chiyani poyerekeza ndi zimene tidalemba kale, amene akhudzidwe ndani ndipo motani, zimenezi mwaziona pa tsamba liti la lipotilo, ndipo ndani angatsutse kamvedwe kanuka? Mtolankhani amene walephera kuyankha sanakonzeke kulemba, ndipo kuli bwino kuti zimenezi zidziwike masana, mafoni a akatswiri akadali oyaka, kusiyana n'kuzidziwa usiku tsamba likudikira.

Ndikudziwa kuti pali manyazi amene amagwira atolankhani akakhala pamaso pa katswiri. Amaopa kufunsa funso looneka lachibwana, amagwedeza mutu ngati amva, n'kutuluka ndi mawu amene sangawafotokoze. Komatu safunsa adadya phula. Katswiri weniweni sakhumudwa akafunsidwa kuti anene zomwezo m'njira yoti mwana wa sukulu ya sekondale amve, ndipo amene amakwiya ndi funso lotere nthawi zambiri amakhala kuti ali ndi chimene sakufuna kuti chimveke. Njira imodzi yothandiza ndi yakuti mtolankhani abwereze yekha zimene wamva, n'kufunsa kuti, "Kodi ndikalemba chonchi ndikhala ndalakwitsa?" Katswiri amakonza pomwepo, ndipo mawu amene amanena pokonzapo kawirikawiri ndi omveka bwino kuposa onse amene adayankhula poyamba.

Lipoti lalitali nalo lili ndi kawerengedwe kake. Masamba oyambirira, amene amafotokoza mwachidule, ndi pamene eni lipoti aika zimene akufuna kuti zitchuke. Nkhani yeniyeni imapezeka m'matebulo a manambala, m'timawu tating'ono ta pansi pa tsamba, m'gawo lofotokoza momwe kafukufuku adachitikira, ndiponso poika lipoti la chaka chino pambali pa la chaka chatha kuti muone chimene chachotsedwa mwakachetechete.

Palinso nkhani ya kamangidwe. Atolankhani amaphunzitsidwa kuika zofunika kwambiri pamwamba ndi zocheperako kumunsi, kuti malo akachepa mkonzi angodula ndime zomalizira. Kalembedwe kameneka kadakhazikika m'manyuzipepala a ku America chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, ndipo mpaka lero kamagwira bwino ntchito pa nkhani ya moto kapena ya zotsatira za chisankho. Pa nkhani yovuta kamavulaza, chifukwa chimene chimaikidwa kumunsi n'kudulidwa ndicho chiyambi cha nkhaniyo, chimene popanda icho ndime yoyamba ilibe tanthauzo. Wowerenga akauzidwa kuti khothi lachotsa chiletso, koma osauzidwa kuti chiletsocho adachitenga ndani, chimaletsa chiyani ndipo mkanganowo udayamba bwanji, wapatsidwa mathero a nkhani imene sadamve chiyambi chake. Ine ndingakonde kuti pa nkhani zotere ndime yachitatu kapena yachinayi ikhale yoyankha funso lakuti zimenezi zikundikhudza bwanji, yotsatira ikhale yofotokoza kumene nkhaniyo yachokera, ndipo ndime ziwirizi zilembedwe chizindikiro choti wokonza tsamba asazidule. Ngati malo achepa, achotse mawu a mlendo wolemekezeka othokoza amene adakonza msonkhano.

Tsopano ndifike pa manambala, pamene ndikuona kuti pali ngozi yaikulu kuposa pena paliponse. M'mwezi wa Okutobala 1995, komiti yoona za chitetezo cha mankhwala ku Britain idachenjeza kuti mtundu watsopano wa mapiritsi olera ukuwirikiza kawiri chiopsezo cha kuundana kwa magazi m'mitsempha. Manyuzipepala ndi mawailesi adalengeza zimenezo monga zidanenedwera, ndipo sadaname. Chimene owerenga ambiri sadauzidwe n'chakuti kuwirikiza kawiriko kumatanthauza kuchoka pa mayi mmodzi mwa amayi pafupifupi 7,000 kufika pa amayi awiri mwa 7,000 omwewo. Amayi ambiri adasiya kumwa mapiritsiwo ndi mantha, ndipo ofufuza adayerekeza pambuyo pake kuti chaka chotsatira ku England ndi Wales mimba zochotsedwa zidawonjezeka ndi pafupifupi 13,000. Chomvetsa chisoni n'chakuti kukhala ndi pakati kumene kumakweza chiopsezo cha kuundana kwa magazi kuposa mapiritsiwo. Chiganizo chimodzi chokha, chonena kuti ndi anthu angati mwa anthu angati, chikadathandiza amayi ambiri kusankha mwanzeru. N'chifukwa chake ndikuti lamulo la m'chipinda cholembera nkhani likhale lakuti palibe kulemba kuti chinthu chawirikiza kawiri, kapena chakwera ndi maperesenti akutiakuti, popanda kunena pamene chidali ndi pamene chafika.

Nkhani za chuma zili ndi misampha yakeyake. Ziwerengero zikasonyeza kuti kukwera mitengo kwa zinthu kwatsika kuchoka pa 30 peresenti kufika pa 20 peresenti, mitu ya nkhani imalembedwa ngati kuti zinthu zatsika mtengo, ndipo wowerenga amene akuona zosiyana pogula amaganiza kuti nyuzipepala ikunama kapena yagulidwa. Zoona zake n'zakuti chinthu chimene chinali pa 100 chidafika pa 130 chaka choyamba, ndipo chaka chachiwiri chafika pa 156. Mitengo ikukwerabe, kungoti liwiro lake lachepa. Chimodzimodzinso chiwongola dzanja chikachoka pa 20 peresenti kufika pa 22 peresenti, chakwera ndi mapointi awiri, koma wobwereka ndalama azilipira chiwongola dzanja chochuluka ndi gawo limodzi mwa magawo khumi kuposa kale, ndipo kulemba kuti chakwera ndi 2 peresenti n'kuchepetsa nkhani. Bajeti ya unduna ikawonjezedwa ndi 15 peresenti m'chaka chimene mitengo yakwera ndi 25 peresenti, undunawo ugula zochepa kuposa chaka chatha, ngakhale nduna iombedwe m'manja ponena kuti ndalama zawonjezedwa. Masamu amenewa si a ku yunivesite, ndipo foni iliyonse ili ndi kakyuleta, koma amafuna munthu wachiwiri woti awabwereze, pakuti wolemba nkhani saona msanga cholakwa chake.

Mabiliyoni nawo amangodutsa m'maso mwa wowerenga osasiya kanthu. Nambala yaikulu imayamba kumveka ikagawidwa ndi chiwerengero cha anthu amene ikuwakhudza, kapena ikaikidwa pambali pa nambala ina yodziwika, monga bajeti yonse ya zaumoyo kapena ndalama za ntchito yomweyo chaka chatha. Ndime imodzi isasenze manambala oposa awiri kapena atatu, otsalawo apite m'tebulo. M'nthawi ya mliri wa COVID-19 tidaonanso kuti chiwerengero cha opezeka ndi matenda chimadalira kuchuluka kwa anthu amene ayezedwa, kotero kuti kulengeza kuti odwala achepa popanda kunena kuti oyezedwa ndi angati kumatha kupereka chiyembekezo chabodza.

Chinthu china chofunika kuti mkonzi achifunse kumayambiriro ndi gwero la nkhani. Atolankhani ambiri amadziwa lamulo lakuti nkhani yaikulu itsimikizidwe ndi anthu awiri, koma anthu awiri amene adatunga pa chitsime chimodzi ndi gwero limodzi basi. Pa 26 Meyi 2004, akonzi a nyuzipepala ya The New York Times adalembera owerenga awo kuvomereza kuti nkhani zina zimene adasindikiza nkhondo ya ku Iraq ya 2003 isanayambe, zonena kuti dzikolo lili ndi zida zoopsa zopha anthu ambiri, sizidafufuzidwe mokwanira. Adafotokoza kuti zambiri zidachokera kwa anthu a ku Iraq othawa kwawo amene ankafuna kuti boma la Saddam Hussein lichoke, ndipo akuluakulu a boma la America, amene adali atatsimikiza kale mumtima za kufunika kwa nkhondo, ankavomereza mofulumira zonena za anthuwo. Adavomerezanso kuti nkhani zoopseza zinkaikidwa pamalo oonekera, pamene nkhani zotsatira zokayikira zoyambazo nthawi zina zinkakwiriridwa m'kati mwa nyuzipepala, ndiponso kuti akonzi amene adayenera kupanikiza atolankhani ndi mafunso ankathamangira kukhala oyamba kutulutsa nkhani. Onani kuti chala sichidaloze atolankhani okha. Ngati nyuzipepala yaikulu chotero, yokhala ndi antchito ambiri ndi chuma chake, idagwa chifukwa chosafunsa kuti "iyeyo wadziwa bwanji", ndiye kuti funsoli siliyenera kusowa pa tebulo la mkonzi aliyense.

Kumva mbali zonse ndi mwambo wabwino wa utolankhani, koma pa nkhani za sayansi umatha kusocheretsa ukatsatidwa mwachimbulimbuli. Mu 1998 magazini ya zachipatala ya The Lancet idasindikiza kafukufuku wa Andrew Wakefield ndi anzake, wokhudza ana 12 okha, amene adadzutsa mphekesera yakuti katemera wa MMR, woteteza ku chikuku ndi matenda ena awiri, amayambitsa autism, vuto la kakulidwe ka ubongo limene limachititsa mwana kuvutika kulumikizana ndi kucheza ndi ena. Pepala la kafukufukulo lidanena lokha kuti silidatsimikize kugwirizana kwa zinthu ziwirizi, koma pa msonkhano wa atolankhani Wakefield adayankhula zokayikitsa katemerayo, ndipo atolankhani ambiri adatenga za pa msonkhano kusiya za m'pepala. Kwa zaka zingapo nkhani zinkalembedwa ngati kuti akatswiri agawikana pakati, uku mmodzi uku mmodzi, pamene kafukufuku wina wa ana zikwi mazanamazana sankapeza kugwirizana kulikonse. Chiwerengero cha ana olandira katemerayu ku England chidatsika kuchoka pa maperesenti oposa 90 kufika pafupifupi pa 80, ndipo chikuku chidabwereranso. Adali mtolankhani wina, Brian Deer wa nyuzipepala ya The Sunday Times, amene adafukula kuyambira 2004 zachinyengo ndi za ndalama zimene zidali kumbuyo kwa kafukufukuyo, mpaka The Lancet idalichotsa pepalalo mu 2010, chaka chomwecho chimene Wakefield adachotsedwa m'kaundula wa madokotala.

Nkhani imodzimodziyo ikuonetsa utolankhani wofulumira ukuvulaza anthu ndi utolankhani wodekha ukukonza. Bungwe la BBC nalo mu 2018 lidauza antchito ake kuti polemba za kusintha kwa nyengo sakufunika kuitana munthu wokana kuti nyengo ikusintha chifukwa cha zochita za anthu pongofuna kuti mbali zioneke zofanana. Pamene akatswiri agawikanadi, monga pa funso la njira yabwino yobwezera ngongole kapena yochepetsera mpweya woipa, mbali zonse zimveke mokwanira. Pamene umboni wapendekera mbali imodzi, nkhani inene kuti wapendekera, ndipo wotsutsayo apatsidwe malo olingana ndi umboni umene ali nawo.

Nkhani yovuta iyeneranso kunena pamene zinthu zafika. Kumangidwa, kuzengedwa mlandu ndi kupezeka wolakwa ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo chiletso chakanthawi si chigamulo. Bilu imene yawerengedwa koyamba m'nyumba ya malamulo sinakhale lamulo. Ndalama zimene zalonjezedwa sizinaperekedwe, ndipo zimene zaperekedwa sizinagwire ntchito. Mankhwala amene athandiza mbewa za m'labotale akadali ndi ulendo wa zaka zambiri kuti afike kwa anthu, ndipo ambiri safika n'komwe. Kafukufuku akapeza kuti zinthu ziwiri zimayendera limodzi, sanatsimikize kuti chimodzi chikuyambitsa chinzake. Kulemba mosabisa kuti mfundo yakutiyakuti sinatsimikizike, kapena kuti bungwe lafunsidwa koma silinayankhe, sikufooketsa nkhani, ndipo wowerenga amene waona kuti nyuzipepala imasiyanitsa zotsimikizika ndi zongoganiziridwa amaikhulupirira kwambiri ikanena chinthu motsindika.

Mutu wa nkhani ndiye umandidetsa nkhawa mwapadera, chifukwa m'manyuzipepala ambiri amaulemba ndi munthu wina amene sadalembe nkhaniyo, panthawi imene aliyense watopa, ndipo cholinga chake chimakhala chakuti mawu akwane pa malo ndi kukopa maso. Mtolankhani atha kusamala ndime khumi ndi ziwiri, kulemba kuti "mwina" pamene payenera "mwina", koma mutu n'kufafaniza kusamala konseko ndi mawu anayi. Masiku ano anthu ochuluka amakumana ndi nkhani pa Facebook kapena pa WhatsApp, kumene amaona mutu wokha n'kuutumiza kwa ena osatsegula. Kwa iwowo mutu ndiwo nkhani yonse. Sizingatenge mphindi ziwiri kuti wokonza tsamba amuwerengere mtolankhani mutuwo pa foni, n'kumufunsa ngati nkhani yake ikunenadi zimenezo.

Ndikudziwa yankho limene ndingalandire, lakuti wolemba kalatayu sakudziwa kuchepa kwa antchito, kuthina kwa nthawi ndi mpikisano wa pa intaneti, kumene wochedwa ndi ola limodzi wataya owerenga. Yankholi lili ndi choonadi chake. Nkhani za Panama Papers, zoulula momwe anthu ena olemera ndi andale ankabisira chuma kunja kwa mayiko awo, zimene zidatuluka mu Epulo 2016 kuchokera m'zikalata 11.5 miliyoni za kampani ya maloya ya Mossack Fonseca, zidatenga atolankhani oposa 300 a m'mayiko ambiri pafupifupi chaka chathunthu, motsogozedwa ndi nyuzipepala ya Süddeutsche Zeitung ndi bungwe la atolankhani ofufuza la ICIJ. Palibe akuyembekezera kuti nkhani ya tsiku ndi tsiku ilandire chisamaliro chotero. Komabe pali mfundo imene imaiwalika, yakuti nkhani zovuta zambiri sizibwera modzidzimutsa. Tsiku lowerenga bajeti limadziwika pasadakhale, masiku a zigamulo zazikulu amalengezedwa, ziwerengero za mitengo zimatuluka mwezi ndi mwezi, ndipo misonkhano ya mayiko ya zanyengo imachitika chaka ndi chaka. Gawo lalikulu la nkhani zimenezi, lofotokoza chiyambi, manambala a chaka chatha, malonjezo amene adaperekedwa ndi mayina a akatswiri oti afunsidwe, likhoza kulembedwa sabata imodzi tsikulo lisanafike, kuti patsikulo mtolankhani angolimbana ndi chatsopano.

Pachifukwa chomwechi, nkhani iliyonse yoyenda nthawi yaitali ikhale ndi fayilo yake imene aliyense m'chipinda cholembera angaitsegule, yokhala ndi ndondomeko ya masiku, zikalata zenizeni, manambala otsimikizika ndi kumene adachokera, komanso ndime ziwiri zofotokoza chiyambi zimene zidawunikidwa kale. Mtolankhani akachoka pa ntchito, zimene adadziwa zisachoke naye. Kungathekenso kusiya munthu mmodzi pa gawo limodzi, monga makhothi kapena chuma, kwa zaka zingapo, chifukwa amene wawerenga malipoti asanu a mtundu umodzi amadziwa tsamba loti ayambire, ndipo sanamizidwa ndi lonjezo limene adalimvapo kale. Ponena za mpikisano, palibe choletsa kutulutsa msanga ndime zitatu za zimene zatsimikizika, n'kulonjeza owerenga kuti kufotokoza kwathunthu kubwera mawa. Chimene chimawononga ndi kutulutsa ndime khumi ndi zisanu mofulumira, zitatu zoona ndi zotsalazo zongodzazira malo.

Nkhani ikalembedwa, isanapite kosindikiza, iwerengedwe ndi munthu amene sakuidziwa, kaya ndi wa gawo la masewero kapena wojambula zithunzi, ndipo afunsidwe kuti anene zimene wamva. Akanena zosiyana ndi zimene wolemba amafuna kunena, cholakwa chili m'nkhani, osati mwa iye. Kuiwerenga mokweza kumathandizanso, pakuti chiganizo chimene chikutha mpweya pakamwa chimathanso mpweya m'mutu mwa wowerenga. Bungwe la Associated Press lidaitana katswiri wa kawerengedwe Rudolf Flesch chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 kuti athandize atolankhani ake kulemba momveka, kusonyeza kuti vutoli si lachilendo ndipo silisankha dziko. Sindikuti ziganizo zonse zikhale zazifupi, koma chiganizo chilichonse chinyamule mfundo imene munthu angaigwire. Ndime zofotokoza za sayansi kapena za malamulo zikhoza kuwerengedwa kwa katswiri wosakhudzidwa ndi nkhaniyo kuti aone ngati zili zolondola. Izi n'zosiyana ndi kupereka nkhani yonse kwa munthu amene ikumunena kuti aivomereze, zimene siziyenera kuchitika. Ndipo amene ayamba kugwiritsa ntchito mapulogalamu a kompyuta ofupikitsa malipoti akumbukire kuti mapulogalamuwa amatha kupeka nambala kapena mawu a munthu mosaphethira, kotero kuti chilichonse chimene atulutsa chiyenera kupezeka pa tsamba lenileni la lipotilo chisanalowe m'nkhani.

Ngakhale zonsezi zitatsatidwa, zolakwika zidzakhalapobe. Chofunika n'chakuti zikonzedwe poyera, pa malo amodzi odziwika m'nyuzipepala, ponena chimene chidalembedwa ndi chimene chili cholondola, ndipo pa intaneti nkhaniyo isonyeze kuti yasinthidwa ndi tsiku limene yasinthidwa. Mkonzi asangofunsa kuti walakwitsa ndani, afunsenso kuti cholakwacho chidadutsa bwanji m'manja mwa anthu atatu osachiona, pakuti yankho la funso lachiwirili ndilo limasonyeza pamene dongosolo lili ndi mpata. Nkhani zovuta zimafunanso kubwererako. Ngati mudalemba kuti ntchito yakutiyakuti idzatha m'miyezi 18, tsikulo lilembedwe pa kalendala ya ofesi, ndipo likakwana wina apite kukaona ndi kuuza owerenga chimene wapeza.

Pempho langa kwa inu, akonzi, n'lakuti muyese njirayi pa nkhani imodzi yokha yaikulu imene mukudziwa kuti ikubwera, kaya ndi bajeti kapena chigamulo chimene anthu akuchidikira. Sankhani mtolankhani wake lero, mumpatse masiku awiri oti awerenge zikalata za m'mbuyomu ndi kulemba ndime za chiyambi, mukhale naye mphindi khumi zija asanalembe, mupeze munthu wachiwiri wobwereza masamu, ndipo mutu wa nkhani mumuwerengere usanasindikizidwe. Mukatero muyerekeze nkhaniyo ndi imene mudalemba pa mutu womwewo chaka chatha, ndipo ngati n'kotheka musindikize makalata a owerenga onena zimene amva ndi zimene zawasokonezabe.

Ndine wanu,
Wowerenga nyuzipepala yanu nthawi zonse